Mafuta a Azakhali a ku Chipata

Pakhoma la nyumba yathu ku Kachebere panali galasi la thiraki, lija la m'mbali, long'aluka pakona. Bambo analitola mumsewu wa kuboda. Ndinkangodutsa osaliyang'ana, kufikira nyengo ina yokumba mtedza ndili sitandade sikisi.

Nyengo imeneyo azakhali anabwera kuchokera ku Chipata ndi mwana wawo wamkazi, msuweni wanga. Ankachita geni ya zitenje, kuoloka boda uku ndi uku. Anati akhala nafe kwa kanthawi, ndipo chifukwa chake ife ana sitinauzidwe.

Msuweni wanga anali woyera khungu. Azimayi amene ankabwera kudzatithandiza kuthothola mtedza ankamugwira tsaya ndi manja awo afumbi. "Koma mwana ndi uyu," ankatero. Kenaka ankatembenukira kwa ine. "Uyu ndiye anatengera bambo ake." Palibe ankafuna kundinyoza. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti mawu otere amangotuluka pakamwa manja ali pantchito. Koma ine ndinkawatola onse.

Ndinayamba kuthawa dzuwa. Anzanga akapita kudambo, ine ndinkakhala m'chigafa, mmene fungo la fodya wa chaka chatha linali lisanathe. Posamba ndinkadzikhula ndi mwala wotsukira mapazi mpaka mikono kuwawa. Kukwaya ndinachoka pamzere wakutsogolo, ngakhale aphunzitsi ankati mawu anga ndi amene amatsogolera. Msuweni wanga sanandilakwire kanthu. Ankandisungira chinangwa chowotcha, koma ine ndinasiya kuyenda naye limodzi kumjigo, poopa kuti anthu atiyang'ana tonse awiri nthawi imodzi.

Azakhali ndiwo anaona. Tsiku lina amayi ali kumunda anandiitanira m'nyumba, natulutsa kabotolo m'chikwama chawo cha zitenje. Mafuta ake ankanunkhira maluwa, koma pansi pake panali kafungo kakuchipatala. "Uzidzola m'mawa ndi madzulo, mwana wa achimwene," anatero. "Amayi ako usawauze." Nkhope yawo inali yoyera, koma mfundo za zala zawo zinali zakuda bii, ndipo m'masaya munali zigamba ngati anapsa. Ine ndinkangoona kuyerako.

Poyamba ndinkakondwa nkhope ikamanyerenyetsa, poganiza kuti mankhwala akugwira. Kenaka masaya anatupa, khungu nkuyamba kusupuka. Thukuta likagwerapo linkawawa ngati tsabola. Amayi sanakalipe. Anandikweza pakabaza mpaka kuchipatala, kumene anamwino anandigwira chibwano nkuti, "Mayi, mwanayu mukumuwotcha." Amayi anangoyang'ana pansi, kulandira mlandu umene sunali wawo. Njira yonse yobwerera ndinkangomva mpweya wawo wotopa pamsana panga.

Titafika anatenga kabotolo kaja nkukataya m'chimbudzi. Ndinalira, osati chifukwa cha ululu, koma chifukwa ndinkaona ngati anditsekera njira. Chipsera cha patsaya lamanzere ndili nacho mpaka lero, ndipo ndinatha zaka zambiri ndikutembenuza nkhope pojambulitsa.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, ndinawamva amayi ndi azakhali kuseri kwa nkhokwe. "Alamu, zanuzo musamupatsire mwana," anatero amayi motsitsa mawu. Azakhali ankangomenya mtedza umodzi pabondo osausenda. Kenaka anati, "Ndimafuna asadzaone zimene ndaona ine."

Ndinaganiza kuti akunena za kusekedwa kusukulu. Ndinadzamva ndili wamkulu kuti amuna awo, amene ankayendetsa thiraki, anali atatenga mkazi wina woyera ku Lusaka, ndipo azakhali anali atadzola mafutawo zaka ndi zaka kudikira kuti abwerere. Sanabwerere. Koma tsikulo ndinaima kuseri kwa mpanda, tsaya lili ndi mankhwala, ndikuwayang'ana akupukuta misozi ndi chitenje, ndipo ndinkadabwa kuti munthu woyera chotero angalire chiyani.