Galimoto ya Malemu Inkadana ndi Chisanu

A Khutu ali ndi zaka 73. Ndi makaniko, koma galaja anasiyira mwana wa mlongo wawo maso atayamba kuchita chidima. Dzinalo analitengera kuntchito, poti galimoto ankayamba aimvetsera asanagwire sipanala. Yovuta m'mawa ankakana kuiona masana. Ankati pofika pagalaja imakhala itatenthera m'njira, matenda abisala.

Chaka chatha, nyengo yozizira, kunabwera alamu awo, mkazi wa malemu akulu awo. Galimoto imene malemuwo anasiya, yakalekale ya mabampala achitsulo, inkalira monyinyirika m'mawa, ikafika pachitunda n'kumakwawa. Kugalaja anasintha mapulagi, kenako batire, koma ayi ndithu. Mwana wa mayiwo anali atagamula kale kuti igulitsidwe, amayi asamukire kwa iye. Mayiwo nyumba yawo sankafuna kuisiya, ndipo popanda galimotoyo sakanatha kupititsa mazira kumsika kapena kufika kuchipatala paokha.

A Khutu anafika kunyumba kwa mayiwo kukungocha, mame ali mbuu pagalasi la galimoto.

"Mwadzera kukonza kapena tiyi, alamu?" anafunsa mayiwo.

"Zonse. Tailizani ndimve."

Mayiwo anakoka choki, kachingwe kothandiza injini yozizira kulira, n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola, kugwira, kuzima. Itagwiranso inkangonjenjemera, mphamvu palibe. A Khutu anaimirira pambali, mutu atapendeketsa.

"Kodi akulu anga ankatani m'mawa inu musanakwere?"

"Ankatsegula boneti n'kumagogodagogoda. Ine ndinkati ndi misala yawo ija. Si munthu ankacheza ndi nkhuku ameneyo?"

"Ankagogoda pati?"

"Ndidziwa bwanji? Ine ndinali kalikiliki ndi mazira."

A Khutu anachotsa sefa ya mpweya n'kuyamba kupapasa ndi zala kabuleta, mosakanikirana petulo ndi mpweya. Pambali pake panali timaenje tambirimbiri, tosalala, ta chitsulo chomenyedwa zaka ndi zaka. Anauza mayiwo kuti akokenso choki. Kachitseko kamene kamatseka mpweya injini ikazizira sikanasunthe, kanali katamatirira ndi litsiro. Anamenya pa timaenjepo ndi chigwiriro cha sipanala. Kanatseka kuti tha!

"Mng'ono wawo makaniko, iwo n'kumachiza galimoto ndi makofi," anatero a Khutu.

"Ankaopa kuti muwaseka."

"Ndikanawasekadi."

Anatsuka kachitsekoko ndi petulo ndi mswachi wakutha, n'kumwa tiyi wawo. Mayiwo anafuna kuiyesa pompo, iwo anakana, ati dzuwa lakwera, inganame. Anabweranso m'mawa mwake kukuzizira koposa dzulo lake. Galimoto inalira kamodzi, n'kukwera chitunda mazira ali kumbuyo.

Mwana wa mayiwo uja atamva anangoti aona chaka chamawa. Galimotoyo sinagulitsidwe, ndipo mayiwo akadali m'nyumba mwawo. A Khutu diso lamanzere linasiyiratu kuona, koma akawaitana m'mawa amapitabe.