Chibwenzi cha Lameki chili ndi mapiko

Loweruka lapitali ndinaitanidwa ku Area 23 kukagwira ntchito ya unkhoswe. Mng'ono wanga Lameki anali pamlandu, ndipo mkazi wake, mayi a Tadala, anali atatsimikiza zobwerera kwawo ku Ntcheu.

Mlandu wake? Foni.

"Alamu, munthuyu ngakhale kuchimbudzi amapita ndi foni," anatero mlamu wangayo. "Amaiyang'ana n'kumamwetulira yekha. Dzana ndinamumva akuinong'oneza kuti, 'Usandithawe, dikirako pang'ono.' Ameneyo n'ndani ngati si mkazi?"

Malume ake a mayi a Tadala, nkhoswe ya kuchikazi, anangotambasula dzanja. Lameki anapereka foniyo thukuta lili kamukamu. Tonse tinasuzumira. Ine ndinkayembekeza kuona dzina lonamizira loti "Makaniko" lokongoletsedwa ndi timitima.

Munalibe mkazi. Munali kandege kofiira, kaja ka juga ya pafoni. Umaikapo ndalama, iko n'kumakwera, ndipo ukachedwa kutenga zako kamathawa nazo.

Chimwemwe chake, abale anga. Mayi a Tadala anaimba nthungululu mpaka aneba anasuzumira pampanda. Malume anamugwira chanza Lameki ngati wakhoza mayeso. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Lameki, yemwe ankaona ngati lero wapita, anatukula mapewa n'kuyamba kutiphunzitsa kaseweredwe kake, ndipo malume, mkulu wampingo wathunthu, anafunsa ngati kandegeko kamalowanso m'foni ya mabatani.

Ndimafunabe kuseka ndikakumbukira. Koma taganizani zomwe tinkakondwerera.

Chidakwa sichivuta kuchidziwa. Chimanunkha, chimadzandira, chimaimba nyimbo za kwaya pamsewu. Nanga wa kandege? Sanunkha kanthu. Akhoza kukhala nanu pamaliro ku Kawale, mutu uli zyoli, inu n'kumati bamboyu akusinkhasinkha vesi, pomwe mnzanuyo ali m'mitambo. Tsiku lomwe wawina, Chinsapo yense amva ndipo kanyenya adyedwa. Masiku omwe waluza, amva ndani? Kumangokhala kuti malipiro achedwa, kapena bwana wavuta.

Ndipo ife a pakhomo timathandizira kubisako. Bola si mkazi, bola si mowa. Timaiwala kuti chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Tili m'kati momwa zoziziritsa kukhosi zomwe malume anaitanitsa pokondwerera banja lopulumuka, mayi a Tadala anasiya kuseka.

"Bambo a Tadala, nanga makina anga osokera aja munati ali kokonzetsa ku Biwi?"

Makina amenewo ndiwo amadyetsa banjalo. Mlamu wanga amasoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo mwezi wonsewu wakhala akubweza makasitomala.

Lameki anayang'ana pansi. Anati amafuna kungowina kamodzi kokha kuti akawombole makinawo kwa wakatapila komwe anawapinyolitsa, mkazi wake asanadziwe. Ndinamumvera chisoni mng'ono wanga, ndipo ndinachita mantha, chifukwa ankalankhula motsimikiza kuti mawa ziyenda.

Mlamu wanga sanalire. Anatembenukira kwa ife ankhoswe, mabotolo athu ali m'manja.

"Akanakhala mkazi, ndikanafunsa komwe amakhala, ndikanapita kukamuuza kuti andisiyire mwamuna wanga. Nanga uyuyu, ankhoswe, ndikamupeza kuti?"