Jezi ya Jailosi

Mayi anga ankandichenjeza kuti ndisamatchule wakuba ndisanakutumule mphasa yanga.

Ndili pabwalo la fakitale ya tiyi, kumene ndinkachapa majezi a timu ya antchito. Belu likulira, osewera akutuluka m'makina owumitsira tiyi, ali mbuu. Pagolo paima Jailosi, amene ndinamuneneza kwa kapitawo kuti waba jezi mpaka anamuchotsa ntchito. Chifuwa chili pamtunda. Mpira wake ndi dzungu. Anthu onse akuloza ine. Ndikudziyang'ana: jezi ija ndavala ndine, ikudontha thovu.

"Mlamu," akutero Jailosi, "ikauma mundibwerekeko."

Ndadzuka: anali maloto. Koma jeziyo ndinaipezadi kalekale pansi pa sutikesi yanga, Jailosi atachotsedwa kale ntchito, osauza munthu mpaka lero. Inu amene mwamva izi, mudzandizondeko mawa, koma muyambe mwagogoda, mungandipeze nditaivala.