Phukusi la Mkulu wa Mpingo Mumgolo Wanga

Ku Liverpool ukangonena kuti ukutumiza mgolo kumudzi, Mmalawi aliyense amabwera ndi kake kuti umuponyeremo. Ine nthawi imeneyo ndinali namwino, ndikudikira mapepala okhazikika, moti ngakhale kukangana ndi dalaivala wa basi sindinkayerekeza.

Mkulu wa mpingo wathu, bambo aulemu wawo, anabweretsa phukusi lalitali lokulunga m'bulangete, lomata tepi paliponse. Anati nkakatundu ka mng'ono wawo wa ku Ntcheu. Phukusi la munthu wamkulu ungalimasule iwe ndani? Ndinalilandira ndi manja awiri, nkuliimika pambali pa makina osokera amene ndinagulira mayi anga.

Mgolo unayenda pasitima mpaka ku Beira. Patapita miyezi, mchemwali wanga anandiimbira kuti wafika chivundikiro chili chophwanyidwa kale, ndipo amsonkho pachipata cha m'malire anakhuthula zotsalazo nkuziona chimodzi ndi chimodzi. Makina kulibe, nsapato kulibe, phukusi lija kulibenso. Ndinatukwana wakubayo mpaka malovu kuuma, Mulungu andikhululukire.

A inshuwalansi anati nditchule zonse zosowa. Titaweruka mapemphero ndinakafunsa bambo aja kuti m'phukusi lawo munali chiyani.

"Lembani mfuti, mwananga," anatero akupukuta magalasi. "Ndi yampweya chabe, yothamangitsira anyani m'munda."

Mgolowo unali m'dzina langa, ndipo ndinasaina ndekha kuti mulibe chida chilichonse. Amsonkho aja akanaipeza, nkhani ikanabwerera kuno, mapepala anga nkuthera pomwepo, ntchitonso. Kuilemba tsopano kukanakhala kudzimanga ndekha. Koma bambo aja sankaona vuto ayi, ankangodandaula kuti inali yodula, yatsopanotsopano.

"Bambo, mukanandiphetsa," ndinatero. Mawu amenewo okha ndi amene ndinatha kunena mwaulemu.

Za inshuwalansi ndinangozileka, kuopa kuti angafufuze mpaka pansi. Mayi ndinawagulira makina ena, akalekale, olira ngati chigayo. Mapepala okhazikika aja atatuluka ndinakhala pansi m'khitchini nkulira, mtima uli m'malo koyamba chichokereni tsiku lija.

Mgolo wotsatira ndinamasula phukusi lililonse mwini wake akuona, ngakhale la amayi abusa. Anandinena kuti ndasanduka mzungu, ine osalabadira. Koma wakuba uja, kaya ndi wa padoko kaya wa panjira, ndimamupempherera mpaka lero. Makina a mayi asokere ana ake mayunifomu.