Za Ng'ombe Yobadwa Mapasa ndi Nkhunzi

Ndikulemba mwaulemu kufotokoza m'mene ndinatayira mkazi wanga m'zaka za Chitaganya, pamene ndinali wothandiza pa dibi losambitsira ng'ombe mankhwala a nkhupakupa kufupi ndi boma la Fort Jameson.

Poyamba, ndiyenera kunena kuti ndinakwatira kwa Angoni a ku Kasenengwa, kumene mwamuna amapereka malowolo. Mwa ng'ombe zimene ndinapereka munali yaikazi imodzi yofiira, yaing'ono ndi yonenepa, imene ndinagula kwa mzungu wina wolima fodya. Apongozi anga anaikonda koposa zinzake, nanena kuti khola lawo lidzadzala ndi ana ake.

Zaka zinapita, ng'ombeyo osatenga bere. Nkhunzi zinkaidutsa ngati tsinde la mtengo. Tsiku lina apongozi anabwera kunyumba kwanga, nakana mpando.

"Mkamwini," anatero, "ife tinakupatsani munthu wobereka. Taonani mimba iyo. Inu munatipatsa chiyani? Chodya udzu chabe?"

"Bambo, ndikupempha nthawi."

"Nthawi muli nayo. Mwana wathu ndiye akadikire kwathu kufikira mutabweretsa ina."

Chotero anamutenga mkazi wanga, ali ndi pakati pooneka kale.

Ndinapita kwa dokotala wa ziweto amene ankayendera dibi lathu, ndi kupempha mankhwala. Iye anandifunsa za kubadwa kwa ng'ombeyo. Nditafufuza kwa abusa a pa famu ija, ndinamva kuti inabadwa mapasa ndi yaimuna. Dokotalayo anapukusa mutu, ndipo anandifotokozera motere: ng'ombe yaikazi imabadwa ndi mazira ake onse, osaoneka ndi maso, m'timatumba tiwiri ta pafupi ndi chiberekero. Ikakula, dzira limakhwima m'kathuza ka madzi, kathuzako nkuphulika, dzira nkutsika, ndipo ndi m'masiku amenewo pamene imafuna nkhunzi. Koma yaikazi ikakhala m'mimba imodzi ndi yaimuna, magazi awo amasakanikirana, ndipo kawirikawiri timatumba take timafota isanabadwe. Mankhwala ake palibe. Anawonjeza kuti alimi odziwa amagulitsa ng'ombe zotere zikadali zazing'ono.

Zimenezi ndinakazifotokoza kwa apongozi pamaso pa ankhoswe. Mlamu wanga wamkulu anaseka.

"Alamu, ng'ombe kuikira mazira? Mwayamba kuweta nkhuku zanyanga kubomako?"

Mkazi wanga anali atakhala pakhomo la khitchini, akusenda mtedza. Sanaseke. Sanaloledwe kulankhula nane, koma anatuma mwana kwa ine kudzanena kuti miyendo yake ikutupa, ndipo akufuna kukachirira kuchipatala cha kuboma. Ndinapempha zimenezo mwaulemu wonse. Yankho linali lakuti ng'ombe iyambe yafika.

Ng'ombe ina ndinaipeza mvula itayamba kale. Ndikuiyendetsa kupita ku Kasenengwa, mitsinje ili yodzala, ndinakumana ndi wanjinga amene anatumidwa kwa ine. Anatsika, navula chipewa. Anandiuza kuti mkazi wanga anavutika pobereka, ndipo ngolo yomutengera kuchipatala inalephera kuwoloka mtsinje. Anamwalira pamodzi ndi mwana.

Pamaliro anapha ng'ombe yofiira ija kuti anthu adye. Ndinapempha osenda kuti andionetse zam'mimba. Chiberekero chinali chaching'ono ngati cha mbuzi, ndipo timatumba tija tinali touma, tosaposa njere ya chimanga. Sindinaitane munthu kuti adzaone.

Ng'ombe yatsopanoyo apongozi anailandira m'mawa mwake, atayamba aiyang'ana mano ndi mawere.