Miyendo ya a Giyawani

Bambo anga anayendetsa mabasi a maulendo ataliatali kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitadzaza m'mutu. Kudepoti ankawatchula kuti a Giyawani, kutanthauza giya yoyamba, chifukwa ponyamuka sankafulumira. Basi yawo inkayamba yakwawa kaye ngati ikuganizira za ulendowo. Pamsewu anali munthu wosamala, ndipo ankanyadira kuti sanagundepo ngakhale nkhuku. Koma kuyenda pansi ankadana nako. Golosale ili kuseri kwa nyumba yathu, koma machesi ankachita kutuma munthu. Ukawafunsa ankaseka n'kumenya mawondo awo.

"Miyendo yangayi ili ndi ntchito kale. Uwu ndi wa kulachi, uwu wa buleki. Zoponda fumbi sitinagwirizane."

Atapuma pa ntchito anangosintha mpando. Achimwene anga anawagulira sofa yofewa ndi wailesi ya kanema, ndipo bambo anakhazikika pafupi ndi windo la pabalaza. Tiyi ankawapeza pomwepo, chakudya chamasana pomwepo, nkhani ndi mpira pomwepo. Madzi osamba m'manja ankawabweretsera amayi, ndipo rimoti ikagwa pansi otola anali amayi omwewo. Ife tinkaona kuti ndi ulemu. Munthu wavutika moyo wake wonse, apumeko. Mimba inakula, akakolo anayamba kutupa moti masokosi ankasiya mizere, ndipo akachoka pasofa kupita kubafa ankafika ali wefuwefu. Tinkati ndi ukalamba.

Tsiku lina m'mawa ndikukonzeka kupita ku ntchito ndinamva kapu ikusweka pabalaza. Ndinawapeza atagwira pachifuwa, thukuta lili chuchuchu, milomo itatuwa.

"Mwana wanga, pali munthu wandikhalira apa," anatero.

Anagona m'chipatala masiku angapo. Adokotala awo, mayi wamfupi wosadziwa kuzungulira polankhula, anatiuza kuti mtsempha wina wopititsa magazi ku mtima unatsala pang'ono kutsekeka. Magazi ankathamanga kwambiri, shuga anali atakwera, mafuta m'magazi chimodzimodzi. Anawalembera mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, komanso timapiritsi toika pansi pa lilime ngati chifuwa chafinya.

"Koma mankhwala okha sakwanira, bambo," anatero adokotalawo. "Mukapezako mphamvu muyambe kuyenda. Pang'onopang'ono, pamalo osakwera, muli ndi munthu. Ndipo musamakhale pansi nthawi yaitali osadzuka. Mpando wathandiza nawo kukufikitsani kuno."

Amayi anathokoza mwaulemu. Titafika kunyumba anasonkhanitsa nsapato zonse za bambo n'kuzitsekera musutikesi yawo.

Anali ndi chifukwa chawo. Mchimwene wawo, malume athu, anagwa pamsewu akuchokera ku ntchito wapansi. Anthu anawazungulira n'kumawayesa oledzera mpaka anatsirizika pomwepo. Amayi ndi amene anaitanidwa kukaona mtembo, fumbi lidakali kumaso.

"Amayi, paja adokotala anati aziyenda," ndinawakumbutsa.

"Akagwa, adokotala akowo adzabwera kudzawatola? Mtima wodwala umafuna kupuma. Munthu wachita kubwerera kumanda, iwe ukufuna azizungulira m'misewu?"

"Amayi akowa akunena zoona," anatero bambo msangamsanga. Ndinaona kuti nawonso mantha anali atawagwira. Akangokhosomola, dzanja linkathamangira pachifuwa.

Choncho sofa inawalandiranso, ulendo uno ndi bulangete pamiyendo. Amayi anasiya kupita kwa anzawo. Ankakhala pakhomo la kukhitchini akusenda mbatata, diso lili pa mapewa a bambo, kuona ngati akukwera ndi kutsika.

Titabwerera kuchipatala kokapimidwanso, zinthu sizinali bwino. Sikelo inali itakwera, shuga osatsika. Adokotala anawauza bambo kuti ayende m'khonde la chipatalalo kukafika pa chitseko chakumapeto n'kubwerera. Bambo anafika pakatikati n'kutsamira khoma. Adokotala anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi.

Tikudikira mankhwala pabenchi tinamva mawu okuwa.

"A Giyawani! Ndinu amene? Giya ija mwachotsa, mwalowa nyutulo tsopano?"

Anali kondakitala wawo wakale, mkulu wowonda ngati ndodo, wamkulu kuposa bambo. Anabwera kudzaperekeza mkazi wake wodwala maso. Moyo wake wonse anautha akuyendayenda m'kanjira ka m'basi ndi kukweza katundu padenga, ndipo tsikulo anali atabwera wapansi kuchokera kutsidya kwa tauni. Anawagwira bambo dzanja, n'kuyang'ana patapata amene anavala ndi mapazi otupawo. Kuseka kwake kunazilala.

"Musatisiye msanga, bwana," anatero motsitsa mawu.

Njira yonse yobwerera bambo ankangoyang'ana mapazi awo.

Patapita masiku ndinaweruka msanga ndipo ndinawapeza kuseri kwa nyumba. Amayi anali atapita kumsika. Bambo ankayenda kuchoka pa mpopi kukafika pa chingwe choyanikira zovala, dzanja limodzi likukhudza mpanda. Atandiona anaima ngati wakuba.

"Usawauze amayi ako."

"Sindinena. Koma musatuluke pa geti, ndipo timapiritsi tija tizikhala m'thumba."

"Ndamva, abwana."

Loweruka lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinatsika minibasi n'kuona amayi ataima pakati pa msewu wathu opanda mpango kumutu. Geti linali pululu.

"Bambo ako kulibe! Ndinangolowa kubafa, potuluka sofa ili yokha!"

Ndinathamangira m'nyumba. Kanema ankalankhula yekha. Bulangete linali litapindidwa bwinobwino, foni yawo ili patchaja. Pathebulo, pambali pa kapu ya tiyi, panali kabotolo ka timapiritsi toika pansi pa lilime. Ndinakatenga n'kutuluka.

Wometa tsitsi wa pakona anati anawaona. "Adutsa apa akumwetulira, mpaka anandibayibitsa. Alowera kumunsiku."

Kumunsiko msewu wathu umatsetsereka mpaka kukakumana ndi msewu waukulu. Potsika munthu sumva kanthu. Vuto ndi pobwerera. Ndinauza amayi kuti atsale, koma anali kale patsogolo panga, nsalu ataigwira ndi dzanja limodzi. Mayi wogulitsa makala anatilozera kutsogolo. Anyamata owotcherera zitsulo anati sanaone munthu. Tinasuzumira m'golosale, m'kanyumba kodikirira basi, ngakhale mu ngalande ya m'mbali mwa msewu. Amayi ankangobwereza mawu amodzi, "Ndinanena ine, ndinanena ine."

Titakhota pafupi ndi malo omwetsera mafuta tinaona gulu la anthu litazungulira pholo la magetsi. Ena ankasuzumira pamapewa a anzawo. Munthu wina amene ankachoka pagulupo anauza mnzake kuti, "Mdala wina wake, kaya ndi mowa."

Amayi anaima. Kenako anakhala pansi m'fumbi momwemo.

"Pita iwe," anatero. "Ine sindikaonanso kachiwiri."

Ndinakankha anthu ndi zigongono. Pansi ndinayamba kuona patapata mmodzi atadukira chingwe, kenako miyendo, kenako bambo atatsamira pholo. Shati inali itanyowa yonse. Maso anali otsegula. Mtsikana wina wogwira ntchito pomwetsera mafutapo ankawakupiza ndi katoni.

"Bambo! Chifuwa?"

Anagwedeza mutu kuvomera, n'kukunga chibakera pamtima. Potsegula kabotolo timapiritsi tina tinagwera pansi. Ndinawaika kamodzi pansi pa lilime, ndinamasula mabatani, n'kukuwira anthu kuti afutukuke mpweya upite. Wina anati tiwathire madzi, wina anati tiwagoneke chafufumimba, wina anayamba kupemphera mokweza. Ine ndinkangoyang'ana chibakera chija. Chinakhala chokunga kwa nthawi imene sindingaiyeze. Kenako zala zinayamba kumasuka, chimodzichimodzi.

"Kwayamba kusiya," ananong'ona. "Amayi ako ali kuti?"

Wa takisi wina anatinyamula. Amayi anakhala kumbuyo ndi bambo, atawagwira dzanja mwamphamvu, koma nkhope atalozetsa kuwindo. 

Kuchipatala anawamata timawaya pachifuwa ndi kuwatenga magazi. Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa litapendeka. Chitseko chikatseguka amayi ankadzuka, akaona kuti sakuitana ife ankakhalanso. Pomaliza adokotala aja anatiitana. Anati mtima sunavulalenso. Unangochenjeza kuti waumirizidwa: mtunda wautali, dzuwa, chitunda, munthu wosazolowera.

Apa amayi anaphulika. "Mwaona? Ndi zimene munkafunazi! Munthu anali bwinobwino pampando wake!"

"Sanali bwinobwino, mayi," anayankha adokotala. "Ankafooka inu mukuwayang'ana. Ndipo inu bambo, ndinati pang'onopang'ono, muli ndi munthu. Simunamve?"

"Munthu wake ndani?" anatero bambo. "Nsapato zomwe zili pa loko."

Amayi anayamba kulira, ndipo anafotokoza za malume, za fumbi lija, za anthu oseka. Adokotala anawasiya mpaka anamaliza.

"Chimene chinapha achimwene anu sindikuchidziwa," anatero. "Ndipo sindingakulonjezeni kuti bambowa sadzagwa pamsewu. Chimene ndikudziwa n'chakuti akapitiriza kukhala pansi tsiku lonse, ngozi yake ndi yaikulu kuposa ya kuyenda. Ngati mukuopa kuti adzagwa ali okha, musawasiye okha."

Asanatitulutse anapempha kuti awapimeko amayi. Amayi anakana, anati iwo sadwala. Adokotala anawakulunga lamba uja pamkono, makina analira, ndipo anapima kachiwiri kuti atsimikize. Magazi a amayi nawo ankathamanga kwambiri. Adokotala anati mwina ndi mantha a tsikulo, koma abwerenso mkati mwa mlungu. Atabwerera anapezeka chimodzimodzi, ndipo nawo anayamba mankhwala.

Panapita masiku awiri kapena atatu. Kenako m'mawa wina, dzuwa lisanatenthe, ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Amayi anaponya nsapato pamapazi a bambo.

"Valani. Tikafika pa wometa tsitsi n'kubwerera. Mukapitirira ngakhale phazi limodzi, ndikusiyani konko."

Nsapatozo sizinalowe bwino chifukwa cha kutupa, moti anazivala osamanga zingwe. Ndinaima pageti kuwayang'ana. Bambo patsogolo, amayi pambuyo pang'ono, kabotolo kali m'manja. Anayenda ngati anthu onyamula mazira. Atafika pakona amayi anawazungulira n'kuwayang'anitsitsa kumaso, kenako anabwerera.

Papita miyezi tsopano. Amafika kusukulu ya pulayimale imene ili kumtunda kwa msewu wathu, njira yosakwera kwambiri, ndipo kumunsi kuja amayi anakuletseratu. Masana nkhani zikatha pa wailesi bambo amadzuka kukathirira maluwa kapena kukadzitungira okha madzi akumwa. Kutupa kwa akakolo kunachepa. Ulendo wathawu adokotala anati kuthamanga kwa magazi kwatsika ndipo shuga wayamba kumvera, ngakhale mafuta m'magazi akuchitabe makani. Mankhwala sanawachotsere, ndipo anati mtsempha uja sudzabwerera mwakale.

Chifuwa chinawafinyanso kamodzi, pafupi ndi mpanda wa sukuluyo. Amayi anawakhazika pa mwala, anawapatsa piritsi, anadikira, n'kuimbira foni adokotala monga anawalangizira. Anandiuza madzulo ake akutsuka mbale, mawu ali bwinobwino, koma mbale imodzi anaitsuka katatu. Ndinkaganiza kuti ulendo wa m'mawa wathera pomwepo. Kutacha ndinawamva akukangana pakhonde, bambo akuti kukuoneka ngati kugwa mvula, amayi akuti mvulayo iwapeza m'njira. Anatenga ambulera n'kutuluka.