Chilumba Chimene Chinasowa pa Mapu

Dzulo mdzukulu wanga anandionetsa pafoni chilumba chozungulira ngati nkhata, madzi pakati, ndege zankhondo m'mphepete. Ndinapsa mtima.

Ndili mwana, abambo anga ankachitchula tikamakumba kachewere ku Bembeke. Ankati pa nkhondo ya azungu analondera kumeneko, dziko lopanda phiri, loti ukakumba dzenje lobisalamo madzi amchere amatumphuka lisanafike m'mawondo. Ndinakanena kusukulu. Aphunzitsi anatambasula mapu.

"Tilozere, mwana wa msilikali!"

Chala changa chinayendayenda panyanja osapeza kanthu. Kalasi yonse inaseka. Ine ndinkaganiza kuti mapu sanama, ndiye nditafika kumunda ndinati, "Ababa, mumatinamiza."

Anangotola khasu. Sanachitchulenso mpaka kumwalira.

Chilumbacho chinalipo ndithu, operewera anali mapuwo. Nanga lero ndikapepese kwa ndani?